Kope la Agogo



Ndili mwana ku Nkhamenya, m'mimba mukandipota, agogo ankapita kuseri kwa chigafa kukasenda khungwa la muwawani n'kuliviika m'madzi. Kuwawa kwake sindidzaiwala. Nditafika ku sekondale ndinayamba kuwaseka kuti, "Agogo, izi n'zachikale." Ku madrasa ankatichenjeza za ula ndi zithumwa, ndiye ine mitengo ndi shirk ndinangoziponya m'thumba limodzi. Chonsecho agogo sankaombeza. Ankangodziwa mitengo basi.

Maso ananditseguka ku yunivesite, nditamva mbiri ya LA, mankhwala a malungo amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Artemether wa mu LA gwero lake ndi chitsamba chotchedwa Artemisia annua. Wasayansi wa ku China, mayi Tu Youyou, anawerenga buku la Ge Hong, lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, lolangiza kuviika chitsambacho m'madzi. Apo anazindikira kuti kuwiritsa kumapha mphamvu yake. Mu 1971 gulu lake linapeza njira yotulutsira mphamvuyo, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel.

Phunziro lake lili pawiri: wina analemba, wina anayesa. Nzeru yosalembedwa imapita nawo mwini wake kumanda. Yosayesedwa imanyenga. Mu 1995 khwimbi la anthu linakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape poyembekezera kuchira Edzi, koma Edzi sinathe.

Holide yapitayi ndinapeza muwawani uja atadula, ati pankafunika mitengo yokonzera chigafa. Agogo nawo maso ayamba kuchita khungu. Ndinagula kope n'kukhala nawo pamphasa. Tikulemba dzina la mtengo, kaya ndi muzu, khungwa kapena tsamba, kakonzedwe kake, komanso amene sayenera kumwa, monga mayi woyembekezera ndi khanda.

Bwanji ntchito yotereyi isakhale gawo la phunziro la Biology? Mayina a mitengo angatsimikizidwe ku National Herbarium ku Zomba, mphamvu ndi kuopsa kwake n'kuyesedwa ku Kamuzu University of Health Sciences.

Pakadali pano, thupi likatentha, thamangirani kuchipatala mukayezetse malungo. Koma mukapita kumudzi, tengani kope. Agogo anu muwafunse akadalipo.

Allah atipatse ilmu yopindulitsa. Ameen.