Chifuwa Chikakana Kutha, Bwererani Kuchipatala



Munthu akatsokomola masabata awiri osaleka, ambirife timadziwa kuti ayenera kukayezetsa makhololo, chifukwa mwina ndi chifuwa chachikulu cha TB. Zimenezo nzoona. Vuto limadza makhololo akayezedwa, TB osapezeka, koma chifuwa chili chikhalire. Mwinanso wodwala wamwa mankhwala a TB mosadumphitsa, koma akungoboola mabowo atsopano pa lamba chifukwa cha kuwonda. Apa ambiri amagwa ulesi, nayamba kugula mapiritsi pagolosale kapena kuganiza zoti alodzedwa. Ngati ndi khansa ya m'mapapo, imakula mwakachetechete m'miyezi yotayikayo.

Matendawa amafanana kwambiri ndi TB, nchifukwa chake amachedwa kudziwika. Bwererani kuchipatala mukaona magazi m'makhololo, kubanika pokwera kachitunda komwe kale munkakwera mukucheza, kupweteka m'chifuwa, mawu kusasa kwa masabata angapo, kapena chibayo chobwerezabwereza. Auzeni adokotala zoona zokhazokha: mwasuta zaka zingati, ndudu zingati patsiku. Musachite manyazi, sakuweruzani. Funsani ngati nkoyenera kujambulidwa m'chifuwa. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, abale sonkhani ya basi msanga. Khansa ikapezeka isanafalikire, thandizo la opaleshoni, mankhwala kapena kuwotcha chotupa ndi makina limagwira ntchito bwino. Ikafika m'mafupa kapena m'chiwindi, chotsala kawirikawiri nkuchepetsa ululu.

Gwero lalikulu ndi fodya

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala khansa ya m'mapapo 100 alionse, pafupifupi 85 amadwala chifukwa chosuta. Mu utsi wa fodya muli timankhwala toposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa ito timayambitsa khansa. Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sanayikepo ndudu pakamwa: anangopuma utsi wa ena. Ganizirani mwana amene wagona pamphasa m'chipinda momwe atate ake akusuta chitseko chili chotseka.

Ena amati chingambwe nchabwino popeza ndi fodya wa kumunda kwawo, wopichira okha, wosadzera kufakitale. Ayi, poizoni ali m'tsamba momwemo. Fodya wofwenkha kapena woika kukamwa, amene agogo ena amasunga m'kabotolo, nayenso amabweretsa khansa ya m'kamwa ndi ya kummero.

Tikudziwa kuti fodya ndiye wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri m'Malawi muno, ndipo mabanja a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Rumphi aphunzitsira ana ndalama za m'chigafa. Kapepala kano sikakunyoza mlimi. Koma boma lomwe linavomereza kuti utsiwu ukupha anthu: mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo ku Lilongwe linamanga chipatala chachikulu cha khansa. Alimi, musalole ana kuthyola fodya wonyowa; chikonga chimalowera pakhungu, mwana nkuyamba chizungulire ndi kusanza.

Amayi, utsi wa nkhuni ndi makala nawonso umawononga mapapo. Phikirani podutsa mphepo, mwana asakhale kumbuyo utsi ukamatuluka.

Kusiya fodya nkotheka

Thupi silichedwa kuyamikira. Pakatha maola 12 chisiyireni, mpweya woipa wa m'magazi umatsika. M'miyezi yotsatira chifuwa ndi kubanika zimachepa. Pakatha zaka 10, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha amene akusutabe. Chibaba chimavuta kwambiri sabata yoyamba, koma chikabwera chimatha m'mphindi zochepa: imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe, nyamukani muyendeko. Sankhani tsiku losiyira, uzani a m'nyumba, ndipo pewani kaye mabwalo a bawo ndi mowa komwe ndudu imodzi imazungulira anthu asanu. Mukagwa, yambiraninso mawa lake.

Ngati pakhomo panu pali amene wakhala akutsokomola kupitirira masabata awiri, kaya amasuta kaya sasuta, musadikire kuti mukolole kaye. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena muperekezeni kuchipatala sabata ino.