Tisanagule chophikira mazira cha magetsi

Anzanga, m'masitolo a m'tauni muli chipangizo chophikira mazira ndi magetsi. Mumathira madzi pang'ono pa kambale kake kachitsulo, magetsi n'kuwawiritsa, nthunzi n'kupsetsa mazirawo. Chabwino chimazima chokha kapena kulira madzi akaphwa. Nanga cholimba tingachidziwe bwanji?

Choyamba, chitembenuzeni muwerenge zolembedwa pansi pake. Magetsi a ESCOM ndi 230V. Chakaunjika chochokera ku America chimalembedwa 120V, ndiye mukangochilumikiza kuno, basi chapsa.

Chachiwiri, onani mawati. Zambiri zimadya pakati pa 350W ndi 400W, moti kasola kathu kotchajira foni sikangachikwanitse.

Chachitatu, pulagi ikhale ya mano atatu, ya fyuzi mkati. Zopanikiza mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi ayi, n'kuitana moto. Kambale kaja kakhale kachitsulo chosachita dzimbiri.

Madzi a m'mijigo ina amasiya zoyerayera pa kambale. Chizuleni kumagetsi, chizizire, mupukute ndi madzi a mandimu. Osachiviika m'beseni!

Makolo akamakagula, tipite nawo tikawawerengere manambalawa. Ndalama ya mtedza imabwera kamodzi pachaka.