NKHALANGO YA PA PHIRI LA NTCHISI: PHUNZIRO KWA ALIMI A KWA KASAKULA

Mwezi uno tifuna kukambirana nanu za nkhalango ya Boma imene ili pa phiri la Ntchisi. Poyendera minda yanu, ife alangizi timamva kawirikawiri mau akuti, "Nkhalangoyo ndi ya Boma, ndipo ili ndi alonda ake, nanga ife alimi itikhudza bwanji?" Funso limeneli ndi labwino ndithu, ndipo liyenera kuyankhidwa bwino. Yankho lathu ndi ili: madzi a m'dimba mwanu achokera m'nkhalango imeneyo, ndipo amene angathe kuisunga kapena kuitha ndi inu nomwe, mwa njira imene mupezera nkhuni ndi mitengo ya zigafa zanu.

Mbiri ya nkhalangoyi

Akuluakulu asimba kuti pa nthawi ya nkhondo za Angoni, Boma la Angerezi lisanakhazikike mu 1891, Achewa a kuno ankathawira pamwamba pa phirili nabisala m'nkhalango yowirira. Popeza mitengo ndiyo inali linga lao, sanafune kuigwetsa. Pamene Boma linalemba malire a nkhalangoyi mu 1924, linapeza mitengo ili chilili chifukwa eni dziko anaisunga kale. Tsono tikumbukire kuti oyamba kuisunga anali makolo anu.

Pa phirili pali nkhalango za mitundu iwiri. Pamwamba penipeni, pamene phiri lapitirira mamita 1,600, pali mitengo italiitali yosayoyola masamba, ndi akachere okulunga mitengo inzao, ndipo m'nthambi mwake muyenda nchima. Gawo limeneli ndi laling'ono. M'munsi mwake, mozungulira phiri lonse, muli mitengo ya mombo, mtondo ndi msuku. Gawo ili ndilo lalikulu, ndilonso lili pafupi ndi midzi, kotero kuti nkhwangwa iyambira pomwepo. Mitengo ya m'munsiyi ikatha, moto ndi mphepo zifika pa nkhalango ya pamwamba, nayamba kuidya m'mbali chaka ndi chaka.

Ntchito ya nkhalango kwa mlimi

Kuti mumvetse bwino, yesani chinthu ichi pamodzi ndi ana anu. Tungani madzi m'zitini ziwiri zofanana. Thirani madzi a chitini chimodzi pa bwalo losesedwa lotsetsereka, ndipo a chitini chinacho muwathire pa malo otsetsereka omwewo pamene pali masamba ofota pansi pa mtengo. Pa bwalo paja madzi athamanga ali ofiira, atanyamula dothi. Pa masamba paja madzi alowa pansi mwakachetechete. Zimene mwaonazo ndizo zichitika pa phiri lonse pakugwa mvula.

Masamba a mitengo achepetsa mphamvu ya madontho a mvula. Zinyalala zofota pansi zigwira madzi, ndipo mizu iwatsegulira njira zolowera m'nthaka. Madzi amenewo ayenda pang'onopang'ono pansi pa nthaka, natuluka m'akasupe ndi m'madambo miyezi yambiri mvula itatha. Ndiwo amene amai atunga mu October, ndiwonso amene muthirira nao nazale ya fodya ndi ndiwo za m'dimba. Koma phiri likakhala lopanda mitengo, madzi onse atsika tsiku limodzi, nakumba zigwembe m'minda ya chimanga, ndipo pofika chilimwe mtsinje usanduka mchenga wokhawokha.

Vutoli silithera kuno kokha iai. Mitsinje yochokera m'mapiri a Ntchisi, monga Lifuliza, ikathira ku Chia m'boma la Nkhotakota. Dothi lochoka m'minda ya kumtunda likatsakamira kumeneko, ndipo asodzi a kunyanja alira nalo monga momwe inu mulirira chonde chanu.

Palinso zina zimene nkhalango ipatsa mudzi: masuku, uchi, matondo, udzu wofolera, mankhwala ndi bowa. Dziwani kuti bowa monga ndelema akhala pamodzi ndi mizu ya mombo ndi mitengo ina yachilengedwe. Mukagwetsa mitengoyo bowa nayenso atha, ndipo sabwerera ngakhale mutabzalapo bulugamu.

Zimene zikutha mitengo

Choyamba ndi fodya, ndipo tinene mosabisa. Fodya wa chikopa anafala m'dera la Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1926 Boma linakhazika bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira alimi ake. Fodya ameneyu afuna nkhuni zambiri pomufukiza ndi utsi. Fodya wa bale safuna moto, koma chigafa chake chifuna mphanda, mitanda ndi mikangala, ndipo chiswe chikadya mitengoyo mlimi abwereranso kutchire ndi nkhwangwa. Sitikunena kuti muleke fodya, pakuti ndiye alipira sukulu ndi kugula feteleza. Tikunena kuti mlimi amene akonzekera mbeu, nazale ndi feteleza, koma osakonzekera mitengo, sanatsirize kukonzekera ulimi wake.

Chachiwiri ndi moto wa mochedwa. Mu September ndi October udzu uli gwaa, ndipo moto wa osaka mbewa upsereza timitengo tonse tating'ono. Nkhalango yopsa chaka ndi chaka ikhala ndi mitengo ikuluikulu yokha, ndipo imeneyo ikadulidwa palibe ina yolowa m'malo mwake.

Chachitatu ndi makala, pamodzi ndi kugwetsa mtengo wonse pofuna matondo ali m'nthambi, ndi kusenda khungwa lonse pofuna mng'oma wa njuchi. Wogwetsa mtengo chifukwa cha matondo adya ndiwo za tsiku limodzi, koma agulugufe asowa poikira mazira chaka chamawa.

Zimene zaka zatiphunzitsa

Alangizi amene anatitsogolera pa ntchito ino anayesa njira ya chikakamizo. Lamulo la 1946 linapatsa Boma mphamvu yolamula kasamalidwe ka nthaka, ndipo itapita njala ya 1949, m'masiku a Bwanamkubwa Colby, anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa chosapanga milambala. Imeneyo ndiyo nthawi ya malimidwe imene agogo anu aikumbukira ndi mtima wowawa. Malangizo ambiri anali oona, koma popeza anadza ndi chilango, anthu anawada, ndipo chikakamizo chitatha ambiri anawataya. Ife alangizi a lero tiyenera kuvomera kuti njira imeneyo inalephera.

Tsono yang'anani ku manda a mudzi wanu. Kumeneko kulibe mlonda wa Boma, kulibe waya, koma mitengo ili bii, pamene minda yozungulira ili mbee. Chifukwa chake nchiyani? Nchifukwa chakuti mudzi wonse udziwa kuti malowo ndi ao, lamulo lake ndi la mfumu yao, ndipo wolakwa aweruzidwa pa bwalo la kwao.

Nzeru yomweyi ndiyo inali m'ntchito ya nkhalango za m'midzi imene Boma linayambitsa mu 1926, pamene mafumu ankapatula malo a mitengo ya mudzi. Lamulo la nkhalango la 1997 linaibwezeretsa. Linalola midzi kusankha makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndi kupangana ndi Dipatimenti ya Nkhalango za kusamalira pamodzi nkhalango ya Boma. M'zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la European Union, nkhalango ya Ntchisi inali imodzi mwa zimene zinagawidwa m'zigawo kuti midzi yoyandikana nayo iziyang'anira ndi kupindulamo mwa chilolezo. Mu 2020 lamuloli linakonzedwanso, ndipo zilango za ootcha makala popanda chilolezo zinakula.

Anansi athu a ku nkhalango ya nyama ya Nkhotakota anatsata njira ina. Pofika 2015 njobvu kumeneko zinali zosakwana 100. Chaka chimenecho bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowo mogwirizana ndi Boma, linamanga mpanda wa waya wa magetsi, ndipo mu 2016 ndi 2017 linabweretsa njobvu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Imeneyo ndi ntchito yotamandika, koma ndi ya ndalama zambiri, ndipo nkhalango zonse za m'dziko muno sizingazingidwe motero. Mpanda umene phiri la Ntchisi lingadalire ndi midzi yolizungulira. Koma mudzi sungasunge mitengo ya pa phiri ngati ulibe kwina kopeza nkhuni ndi mphanda. Chifukwa chake ntchito iyambire m'munda.

Zoyenera kuchita

1. Samalani ziphukira. Zitsa za mombo, mtondo ndi mitengo ina zimene zili m'munda ndi m'malire mwake sizinafe, pakuti mizu yake ikali yamoyo. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka, dulani zinazo, ndipo muziteteze ku mbuzi ndi moto. Mphukira yotere ikula msanga koposa mbande yobzala, chifukwa muzu wake unafika kale pa madzi. Njira imeneyi sifuna ndalama.

2. Bzalani chigafa chamoyo. Pimani malo a chigafa, ndipo paliponse pamene payenera kuima mphanda bzalanipo mtengo wokula msanga monga kesha. Mitengoyo ikakula, idulireni nthambi, mangani mitanda pa iyo, nimufolere. Mphanda yamoyo siidyedwa ndi chiswe monga youma. Bzalaninso nsungwi kuti mikangala muzidula pakhomo.

3. Pofesa nazale ya fodya, fesaninso mbeu za mitengo m'machubu pambali pake, kuti madzi othirira akhale amodzi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April, koma ife tikulangizani kuokera January asanathe, kuti mizu igwire mvula isanaleke. Lambulirani mbandezo monga mulambulira chimanga. M'mera mpoyamba. Bulugamu musamubzale pafupi ndi kasupe kapena dambo, pakuti amwa madzi ambiri.

4. M'munda wa chimanga bzalani kapena kusiya msangu, motalikirana mayadi 10 kapena kuposerapo. Mtengo umenewu uyoyola masamba pa dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masamba akewo aonjezera chonde m'nthaka.

5. Lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi ndi m'malire a nkhalango ya Boma mu May kapena June. Ngati tchire liyenera kutenthedwa, litenthedwe pa nthawi yomweyo udzu usanaumitsitse, madzulo mphepo itadekha, mfumu ndi alangizi a nkhalango atavomera. Moto wotere uyenda pansi ndipo supha mitengo.

6. Musalime kufika m'madzi. Siyani mphepete mwa mtsinje ndi pozungulira kasupe pali udzu ndi mitengo monga katope, mkuyu ndi mbawa.

7. Matondo atoleni kapena kuwagwedeza, osagwetsa mtengo. Njuchi muziikire ming'oma ya matabwa kapena ya dothi m'malo mwa makungwa.

8. Ngati mudzi wanu ulibe nkhalango yake, pemphani mfumu kuti ipatule malo, makamaka pa chitunda chosayenera khasu. Sankhani komiti ya abambo ndi amai okhulupirika, ndipo malamulo ake anenedwe poyera pa bwalo. Pofuna kanthu m'nkhalango ya Boma, yambani mwapempha chilolezo. Amai asatsale m'komiti, pakuti ndiwo adziwa kutalika kwa ulendo wa kunkhuni ndi wa kumadzi.

Mau kwa mafumu

Inu mafumu athu, ndi inu Gogo Chalo, tikupemphani mwaulemu kuti nkhani iyi muiike pa bwalo mvula isanagwe. Mau a mlangizi amveka tsiku limodzi, koma mau anu akhala m'mudzi. Ndipo lamulo likhale limodzi kwa onse, pakuti mphwake wa mfumu akalekereredwa kuotcha makala, palibenso amene adzamvera komiti. Mutu umodzi susenza denga: mudzi umodzi ukasunga chigawo chake pamene mudzi woyandikana nao uyatsa moto, onse awiri apsa.

Mafunso okambirana

Pa msonkhano wanu wa kalabu kapena wa mudzi kambiranani mafunso awa, ndipo mayankho mudzatiuze pamene tidzakuyenderani.

1. Kodi kasupe kapena mtsinje wa kwanu uuma mwezi uti tsopano, ndipo akuluakulu ati unkauma liti kale?

2. Kodi munadula mitengo ingati pomanga kapena kukonza chigafa chaka chatha, ndipo munaitenga kuti?

3. Kodi m'munda mwanu muli zitsa zingati zophukira zimene mungayambe kusamala sabata ino?

Amene afuna kuona kadulidwe ka ziphukira kapena kapimidwe ka chigafa chamoyo aonane ndi mlangizi wa dera lake, ndipo tidzabwera ndi chingwe ndi chikwanje kudzachitira limodzi m'munda mwake.