Kuchoka pa chiyimilire kufika pa lesitilanti yanuyanu

Si onse odziwa kuphika amene amakhalitsa pa bizinesi ya zakudya. Amene amayamba ndi mapoto awiri pa chiyimilire n'kudzafika pokhala ndi matebulo ndi antchito, ndi amene amadziwa ndalama zimene mbale imodzi ya nsima yawadyera. Ngati mwatsimikiza mtima, tsatani njira izi.

1. Yambani mwaona odya, malo pambuyo. Kakhaleni pafupi ndi depoti, msika, chipatala kapena magalaja nthawi ya nkhomaliro, muone amene akudutsa. Amakanika ndi akabaza amafuna mitanda yokhutitsa pamtengo wofikirika. A m'maofesi amafuna mpunga, pokhala paukhondo ndi chakudya chobwera msanga.

2. Musachulutse ndiwo. Nyemba, nkhuku yalokolo, usipa ndi masamba otendera n'zokwanira poyambira. Kasitomala amabweranso akadziwa kuti kakomedwe kadzulo akapezanso lero.

3. Werengerani mtengo wa mbale imodzi. Apa m'pamene pagona bizinesi yonse. Lembani m'kope zonse zimene zalowa tsikulo: ufa, ndiwo, mafuta ophikira, tomato, anyezi, mchere, makala kapena gasi, madzi ndi sopo. Onjezani gawo la tsiku limodzi la lendi ndi malipiro a antchito, kuphatikizapo anu omwe. Gawani zonsezo ndi mbale zimene mwagulitsa, osati zimene mwaphika, chifukwa zotsala nazonso zadya mpamba. Kenaka ikanipo phindu. Chipande ndi chikombe choyezera zikhale zomwezo tsiku lililonse, wopakula asamachite kuyang'ana nkhope. Masamuwa muziwabwereza mitengo ikasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu anakwera mwadzidzidzi, ndipo wogulitsa pamtengo wakale ankadyetsa anthu ndi mpamba wake.

4. Pikulani m'nyengo yake. Chimanga chimatsika mtengo pokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Gulani matumba nthawi yotchipa, muthire mankhwala a anankafumbwe. Tomato ndi mbatatesi za ku Lizulu kapena mpunga wa Kilombero wa ku Karonga zimatchipirako mukasonkherana ndi anzanu n'kugula pamodzi.

5. Konzani mapepala ndi ukhondo. Lembetsani bizinesi ku boma, tengani nambala ya msonkho ku MRA ndi layisensi ku khonsolo. Ophika ndi operekera chakudya akayezetse kuchipatala. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno. Choncho ikani ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, thirani kolorini m'madzi, vindikirani chakudya ndipo chifike patebulo chili chotentha.

6. Ndalama za bizinesi zisasakanikirane ndi za pakhomo. Madzulo alionse patulani za oda ya mawa, zotsalazo muziike ku Mpamba, Airtel Money kapena ku banki. Ngongole ya chakudya ikhale ya anthu ochepa odziwika, yolembedwa, yobweza pakutha pa mwezi. Mukafuna kuwonjezera mpamba, pitani ku banki mkhonde, katapila mumutalikire.

Nthawi yochita lendi nyumba yokulirapo ndi pamene kope lasonyeza phindu miyezi ingapo yotsatizana, kuphatikizapo miyezi yanjala, komanso makasitomala ayamba kubwerera chifukwa chosowa pokhala.