Atsogoleri a NATO akakumana mwadzidzidzi amapanga chiyani?

Pa 24 February 2022 asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine. Tsiku lomwelo mayiko 8, kuphatikizapo Poland, Estonia, Latvia ndi Lithuania, anapempha kuti bungwe la NATO likumane msanga. NATO ndi mgwirizano wa mayiko otetezana pa nkhondo. Unakhazikitsidwa ku Washington mu 1949 ndi mayiko 12, ndipo pofika 2022 anali atakwana 30. M'pangano lawo, ndime 4 imapatsa dziko lililonse loona kuti lili pachiopsezo mphamvu yoitanitsa anzake kuti akambirane, pamene ndime 5 imanena kuti woputa mmodzi waputa onse. Patangopita tsiku limodzi Russia italowa mu Ukraine, atsogoleri a NATO anakambirana pa intaneti, kenako pa 24 March anakumana maso ndi maso ku Brussels. Ntchito yaikulu ya msonkhano wotere ndi kuonetsa mdani malire amene akawadumpha, onse amudzukira pamodzi.

Kumeneko saponya voti. Mfundo imakhazikika pokhapokha pakasowa wotsutsa, monga zimakhalira pabwalo la mfumu pamene nkhani siitha wina akadang'ung'udza. Iceland, dziko lopanda gulu lankhondo, ili ndi mphamvu yokana yofanana ndi ya America. Mlembi wamkulu, yemwe panthawiyo anali a Jens Stoltenberg, amangotsogolera zokambirana, salamula munthu. Komanso asilikali ndi akasinja ndi a mayiko eni ake, choncho aliyense amanena yekha zomwe apereke. Pa msonkhano woyamba uja analengeza kuti gulu la asilikali okhala tcheru nthawi zonse litumizidwa kum'mawa, koyamba kuti ligwire ntchito yoteteza mayiko a mgwirizanowu. Pa wachiwiri anavomereza magulu ena anayi kuti akakhale ku Bulgaria, Hungary, Romania ndi Slovakia.

Alipo amene amati uku kunali kutaya nthawi pamene anthu ankafa. Dandaulo lawo ndi lomveka. M'mwezi wa March womwewo mzinda wa Mariupol ku Ukraine unali utazingidwa, amayi ndi ana akubisala m'zipinda zapansi popanda magetsi ndi madzi, ndipo mtsogoleri wa Ukraine, a Volodymyr Zelensky, ankachonderera kuti NATO iletse ndege za Russia kuuluka mumlengalenga mwa dziko lawo. NATO inakana. Chifukwa choyamba, Ukraine sinali m'gululi, motero ndime 5 sinkaikhudza. Chachiwiri n'cholemera kwambiri. Kuletsa ndege kuuluka sikutheka ndi pakamwa, kumafuna kuziwombera ndithu, ndipo zikanatero mayiko okhala ndi mabomba a nyukiliya akanayamba kumenyana okhaokha. N'zowawa kunena, koma nkhondo yotere ikanapha anthu ochuluka kuposa amene ikanapulumutsa, a ku Ukraine omwe. M'malo mwake mayiko anatumiza zida, lililonse palokha.

Ena amati kudikira kuti onse avomere kumachedwetsa zinthu, ndipo umboni ali nawo. Finland ndi Sweden anapempha kulowa mu May 2022. Finland inalowa mu April 2023, koma Sweden inadikira mpaka March 2024 chifukwa Turkey ndi Hungary ankazengereza. Ngakhale zili choncho, tiganizire zimene zikulonjezedwa apa: dziko likuvomera kutumiza ana ake kukafera malire a dziko lina. Mtsogoleri amene wangogonja pa voti akhoza kubwerera m'mbuyo zinthu zikafika povuta, pamene amene wavomera ndi pakamwa pake alibe pothawira. Ndime 5 yagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, zigawenga zitaukira America pa 11 September 2001, ndipo asilikali a mayiko ang'onoang'ono ngati Denmark ndi Estonia anapita kukathandiza America pa nkhondo ku Afghanistan, ena anafera komweko.