Cirombo Canji Capha Ciweto Canu?

Mau kwa eni ng'ombe ndi mbuzi a ku Kaporo. Wodziwa kuwerenga awerengere anzace.

Inu okhala m'cigwa ca m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Lufira kufikira ku Songwe, simusowa wokuuzani mtengo wace wa ng'ombe. Ikupatsani mkaka, ikukokerani khasu m'munda wa mpunga, ndipo mwana wanu akafuna kukwatira ndiyo ikamlankhulira kwa akuru a mkazi. Cifukwa cace munthu akadzuka mamawa, napeza thole lace liri gone kunja kwa khola, mimba yong'ambika, mtima wace upsa, ndipo mau oyamba kuturuka m'kamwa mwace ndiwo akuti, "Fisi!"

Nthawi zina anena zoona. Koma ine, m'nchito yanga yoyendera midzi, ndaona fisi alikusenza mirandu yambiri imene sanaipalamula. Iye adya cakufa ciri conse acipeza usiku, kotero kuti mapazi ace apezeka pa nyama imene inafa ndi nthenda, kapena imene anaipha agaru a m'mudzi momwemo. Ndipo kuphonya dzina la wakupha si kanthu kakang'ono ai, pakuti mdani ali yense ali ndi kachingidwe kace. Mpanda woletsa fisi, nyalugwe aulumpha. Denga loletsa nyalugwe liribe nchito pa ng'ona. Ndipo munthu wocezera usiku ndi mkondo kulindira fisi, pamene ng'ombe yace yaphedwa ndi nkhupakupa, adzataya ndi yaciwiri yomwe.

Musaononge umboni

Pitani msanga, dzuwa lisanakwere, miimba ndi agaru asanafike. Letsani ana ndi khamu la anthu lisazinge nyamayo, cifukwa mapazi a anthu khumi afafaniza m'kamphindi zonse zimene cirombo cinasiya pa dothi. Yendani inu ndi mnzanu mmodzi mozungulira, capatali pang'ono, maso pansi. Dzuwa likali m'munsi mphondero zioneka bwino, masana zizimirira. Mukapeza phazi looneka bwino, libvundikireni ndi mbale kapena dengu kuti mlangizi wa ziweto adzalione. Penyaninso khola: kodi lathyoka pansi, kapena pamwamba, kapena citseko catsegulidwa bwino lomwe?

Kodi caphedwa, kapena cafa cokha?

Ili ndilo funso loyamba, ndipo ambiri alilumpha.

Musanagwire mpeni, penyani m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo kwa nyamayo. Ngati muturuka mwazi wakuda wosaundana, mimba yatupa msanga, ndi miyendo sinaume, lekani pomwepo. Musaisende, musaidye, musaipatse agaru. Kapena ndiyo nthenda yoopsya ija ya anthrax, imene ipha ndi anthu omwe, ndipo mbeu zace zikhala m'nthaka zaka zambiri. Ndiyo inapha mvuu zambiri m'Shire ku Liwonde m'caka ca 2018. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo nyamayo itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Zizindikiro izi zikapanda kuoneka, sendani cikopa conse, kuyambira pakhosi, ndi kucipenya m'kati mwace. Nyama yolumidwa ikali yamoyo, mwazi wace uthamangira pa bala. Pansi pa cikopa mudzapeza mikwingwirima yofiira ndi yakuda, ndi mwazi woundana pozungulira pamene dzino linalowa. Koma nyama yolumidwa itafa kale iribe zimenezi. Mabala ace ali mbuu, monga nyama yocekedwa pa msika. Nthaka nayo icita umboni: pamene ciweto calimbana ndi cirombo udzu upondeka, ndi mwazi uwazika ponse ponse.

Caka cina ndinaitanidwa ku mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Ng'ombe yaikazi inapezedwa itadyedwa bere ndi nchafu, mapazi a fisi ali mbwee. Mwini wace anali atayamba kale kuchula dzina la nkhalamba ina ya pa mudzipo, kuti ndiyo yatuma fisi wace. Tinasenda cikopa pamaso pa a mfumu, ndipo sitinapeza mkwingwirima ngakhale umodzi. Koma m'makutu munadzala nkhupakupa zofiirira, pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa panali zotupa, ndi m'mapapo munali thobvu. Titamfunsitsa mnyamata wobusa, anabvomera kuti ng'ombeyo inaleka kudya masiku angapo, ndi kuti dzulo lace inatsalira kudambo, iye naopa kunena. Inali nthenda ya nkhupakupa, imene aicha East Coast fever. Fisi anangopeza ndiwo zaulere. Mankhwala a mlandu umenewo anali dibi, ndipo nkhalamba ija ikadapitikitsidwa pa mudzi kwacabe.

Momwemonso ndi ana obadwa kumene. Mwana wa mbuzi kapena wa ng'ombe wobadwa wakufa ali ndi ziboda zofewa zosaponda dothi, m'cifu mwace mulibe mkaka, ndipo kanthuli ka papo lace kamira mukakaponya m'madzi, popeza sanapume konse. Cirombo cocidya cotere sicinaphe kanthu.

Mukapeza mikwingwirima, funani mabowo awiri a mano atali aja a kutsogolo, nimudule kabango kolingana ndi mpata wa pakati pao. Wa nkhandwe sufika masentimita 3. Wa nyalugwe uli ngati 4 kapena 5. Wa mkango upitirira 6. Pa fisi ndi garu muyeso uwu suthandiza kwambiri, cifukwa iwo ang'amba, saboola bwino.

Fisi

Fisi sagwira ng'ombe pakhosi. Aidzera kumbuyo, nailuma m'mimba, pa bere, pa mcira kapena m'nchafu, ndipo ayamba kudya isanafe. Cifukwa cace mikwingwirima yace ipezeka kumbuyo, khosi liri bwino. Mbuzi angoinyamula ndi kuthawa nayo. Cizindikiro cace cosakanika ndico mafupa: aphwanya ndi pfupa la nchafu lomwe, limene garu sakhoza kuliswa, nasiya nyanga ndi zibenthu zomwazika. Phazi lace lionetsa zikhadabo zobuntha, zala zace nzokhota ndi zothinana, ndipo la kutsogolo liposa la kumbuyo. Ndowe zace zikauma ziyera ngati laimu. Alowera pansi, pamene mitengo ya khola yabvunda. Kapena azungulira kunja kufikira ng'ombe zicita mantha ndi kuthyola khola zokha.

Garu

Ndifuna kukhalitsa pa ameneyu, pakuti pafupi ndi midzi apha mbuzi zambiri koposa umo anthu abvomerera. Dzina lace silichulidwa msanga cifukwa ali ndi mwini, ndipo mwiniyo ndiye mbale wanu kapena mnansi wanu.

Agaru sadziwa kupha. Athamangitsa gulu lonse, naluma apa ndi apo: miyendo ya kumbuyo, makutu, mphuno, m'nthiti. Mudzapeza mbuzi imodzi yakufa kuno, yina uko yopunduka, yina yamoyo koma cikopa cikulendewera, ndi ubweya uli pa zitsamba m'njira monse anazipitikitsa. Kudya adya pang'ono, nthawi zina osadya konse, ndipo sabisa nyama yao. Mapazi ndi ambiri, akuru ndi ang'ono pamodzi, zikhadabo zooneka, zala zotanyuka. Ndipo mukawatsata sapita kuchire, abwerera kumudzi. Yendani tsono mamawa omwewo kupenya agaru a pa mudzi, kuyambira anu omwe: mwazi pa cifuwa, mimba yokhuta, ubweya wa mbuzi m'masanzi. Mlanduwo upite kwa a mfumu pamodzi ndi cikopa, usatheredwe ndi cibonga usiku. Garu amene walawa mbuzi kawiri kawiri saleka.

Koma garu mmodzi woyenda yekha masana, wosaopa anthu, woluma ciweto ciri conse osadyako, mumuyese wa ciwewe. Ciweto columidwa cipatulidwe ndi kuonetsedwa kwa mlangizi. Munthu akalumidwa, asambitse bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, asalindire kudwala. Pakuti ciwewe cikaoneka m'thupi sicicizika. Agaru anu abayidwe katemera caka ndi caka.

Nkhandwe isiyana ndi garu pakuti icita mwaudongo. Igwira ana a mbuzi ndi a nkhosa pakhosi, iboola m'nthiti, nidya ciwindi ndi zofewa za m'kati, osaswa mafupa akuru.

Nyalugwe ndi mkango

M'cigwa muno nyalugwe saoneka kawiri kawiri, pakuti minda yaca ponse. Koma inu odyetsa ziweto m'tsinde mwa mapiri a kumadzulo, kupenya ku Misuku, musamuiwale, ndipo ku Nyika alipo ndithu. Iye ndiye mmisiri. Aluma kamodzi, pakhosi kapena pankhongo, nagwiritsa kufikira mpweya utha. Pa mapewa mudzaona mizere ya zikhadabo. Sadyera poyera: akokera nyama m'citsamba, m'miyala, kapena aikweza mumtengo. Azula ubweya pamene afuna kuyambira, aturutsa cifu ndi matumbo naziika padera, ndipo abweranso usiku wotsatira. Phazi lace nlozungulira, lopanda zikhadabo, monga la mphaka wamkuru. Alowera pamwamba pa khola. Ndipo akatsekeka m'kati mwa mbuzi zopiringizika akhoza kupha zambiri, natenga imodzi yokha.

Za mkango ndinena pang'ono, cifukwa kuno wasowa. Imene inabwezedwa m'dziko lathu iri kutali kumwera, ku Majete kuyambira 2012 ndi ku Liwonde kuyambira 2018. Wapaulendo akafika simudzakayika: ng'ombe yaikuru yolumidwa pakhosi kapena pamphuno, ndi phazi lalikuru ngati cikhatho ca munthu wamkuru. Mukatero musakhale cete. Kuseri kwa mapiri aja muwaona tsidya la nyanja, ku Njombe m'dziko limene linali Tanganyika, mikango inapha anthu ambiri pakati pa 1932 ndi 1947. Anthu anakhulupirira kuti ndiyo yotumidwa ndi mankhwala, ndipo ambiri anaopa ngakhale kunena kumene yapita. Koma George Rushby, woyang'anira nyama za m'chire, ataitsata ndi kuiombera, inapezeka mikango wamba.

Za m'madzi ndi zazing'ono

Ng'ona siisiya mtembo wakuti muusende. Umboni wace uli pa dooko: matope okhululuka pamene ciweto cinakanirira, ndi mzere wa mcira pakati pa mapazi. Ng'ombe yopulumuka ibwera ndi mabowo ondandama mizere iwiri pamphuno kapena pa mwendo wa kutsogolo. Cenjerani makamaka nyengo ya mvula, pamene Songwe ndi Lufira asefukira, ndi ng'ona zilowa m'madambo m'mene dzana munali pouma. Ng'ona iphunzira malo ndi nthawi imene ziweto zimwa. Sinthani dooko, kapena zikani mitengo yothinana m'madzi osaya, kapena tungirani ana a ng'ombe m'bwato lakale pamtunda.

Nsato imeza kambuzi kathunthu. Funani mkukuluzi wace, ndipo siikhala kutali itakhuta. Ciuli cing'amba khola la nkhuku ndi mphamvu, ng'azi iba mazira ndi anapiye masana, ndipo mphamba mumuona nokha.

Cirombo ca miyendo iwiri

Citseko cotsegulidwa ndi kutsekedwanso, mapazi a ng'ombe oyenda mondondozana kunka ku mseu kapena ku malire, agaru osauwa usiku wonse: apa palibe fisi. Mukapeza nyama, penyani m'mphepete mwa bala. Dzino ling'amba, mpeni uceka colunjika. Ndipo cirombo sicisankha miyendo inai ndi ciwindi ndi kusiya mutu. Pali akuba ena ocenjera amene ataya zotsala kuchire kuti fisi azidye ndi kusenza mlandu. Uzani a mfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

Mutadziwa wakupha

Lamulo la nyama za m'chire, la caka ca 1992, lilola munthu kudzichinjiriza cirombo cikamuukira, koma afotokoze msanga kwa oyang'anira nyama. Sililola kukasaka nyalugwe kapena mkango mwa inu nokha cifukwa ca mkwiyo. Mu 2017 zilango zace zinakuzidwa, kufikira zaka 30 m'ndende pa nyama zina. Nenani kwa a mfumu ndi kwa mlangizi, iwo aitane oyang'anira nyama.

Cinthu cimodzi ndikudandaulirani: musathire tameki kapena mankhwala a m'munda pa nyama yakufa. Wakuphayo kapena sabwerera konse. Obwera ndiwo miimba, agaru anu, ndi mwana wanjala wotola kanthuli m'njira.

Ngati ndi fisi, zikani mitengo ya khola mozama ndi mothinana, yakuti mutu wa garu usalowe pakati, muunjike minga kunja, ndi kusintha yobvunda mvula isanayambe. Citseko cikhale colimba monga mpanda, pakuti makola ambiri ndawaona olimba ponse koma pakhomo pali nthambi ziwiri. Ngati ndi nyalugwe, mbuzi ndi ana a ng'ombe agone m'khola la denga, losasiya mpata pakati pa khoma ndi tsindwi. Khola la mbuzi la m'mwamba liposa, ndipo kuno kwa madzi osefukira lithandiza pawiri. Ndipo madzulo ali onse mwini yekha aime pakhomo pa khola ndi kuwerenga ziweto polowa. Ikasowa imodzi, ifunidwe pomwepo ndi muuni, wobusa asanagone.