Nsungwi Yowedzera Nsomba Ingathe Kutsuka Mazenera Apamwamba

Mphepo ya mwera ikamaomba pakati pa Juni ndi Ogasiti, fumbi limakuta magalasi a m'sukulu, m'mizikiti ndi m'matchalitchi ku Nkhudzi. M'kalasi mukachita mdima, ana amavutika kuwerenga za pabolodi, ndipo nthawi zambiri ndi ana omwewo amene amakwera pamadesiki kuti apukute, mpaka ena kugwa. Nsungwi yowedzera nsomba, yomwe ndi yopepuka ndiponso yaitali, imathandiza munthu kugwira ntchitoyi ataima pansi.

Kakonzedwe kake nkosavuta. Wokonza asankhe nsungwi youma yosang'aluka, ya mamita 3, achotse chingwe ndi mbedza, kenaka adule nsonga yowonda chifukwa imapindika. Kumapetoko amange kathabwa kopingasa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo akakulunge ndi nsanza yofewa. Patapata yakutha ikadulidwa mowongoka nkumangidwa pansungwi ina imakokolola madzi bwino.

Madzi a m'nyanja ayambe adikha mundowa, pakuti mchenga umakanda galasi. Kutsuka kuyambire pamwamba kutsikira pansi, m'mawa dzuwa lisanakwere. Chida chomwechi chimachotsa fumbi pamasola, lomwe limachepetsa mphamvu ya magetsi.

Chofunika kusamala kwambiri ndi mawaya a ESCOM. Nsungwi yonyowa imadutsa magetsi, choncho isatukulidwe pafupi ndi waya wolowa m'nyumba. Makomiti a sukulu akhoza kusunga chida chimodzi muofesi ya mphunzitsi wamkulu, nagawa ntchitoyi kwa akuluakulu.